Ndalama za nandolo zigule kamera iti?

Nandolo atangogulitsidwa, mwana wa mlongo wanga wa ku Thuchila m'boma la Mulanje adandipeza ndi foni m'manja. Mnyamatayu adalemba mayeso a Folomu 4 zaka zitatu zapitazo, ntchito yakanika kupezeka, ndiye waganiza zoyamba geni yojambula zithunzi m'maukwati, m'zinkhoswe ndi pa zochitika za kutchalitchi. Ndalama pang'ono ali nazo, ndipo achimwene ake omwe ali ku Joni adalonjeza kuponyapo kangachepe.

Achimwene akewo adali atamutumizira pa WhatsApp zithunzi za makamera awiri. Yoyamba idali Canon PowerShot SX50 HS, yakuda, yonenepa bwino, yooneka ngati ya atolankhani. Kamerayi idatuluka m'chaka cha 2012 ndipo ina yake idali itagwirapo kale ntchito m'manja mwa ena. Yachiwiri idali Canon EOS R50 ya m'chaka cha 2023, yochepa thupi koma yokwera mtengo kangapo konse kuposa inzakeyo.

"Malume, apatu palibe nkhani. Iyi alembapo 50x, inayo siyikufika ngakhale pa 3x, chonsecho ndi yodula. Tingogula yaikuluyi," adatero.

Ndidamuuza akhale pansi kaye, chifukwa nambala imene idamukopayo yapusitsa kale anthu ambiri.

Makamera onga SX50 amatchedwa bridge. Lenzi yake, lomwe ndi diso la kamera, ndi yomatiriratu ndipo siichoka, koma imatalika ngati mlomo wa njovu n'kukoka zinthu zakutali kuti zioneke pafupi. Nambala ya 50x ikutanthauza kuti ukaikoka mpaka kumapeto, chinthu chimakula ka 50 poyerekeza ndi mmene chimaonekera usadayambe kukoka. Makampani adapikisana kwambiri pa nambala imeneyi. Nikon idatulutsa Coolpix P900 ya 83x m'chaka cha 2015, kenaka P1000 ya 125x mu 2018. Ndi makamera amenewa munthu amajambula mwezi n'kuona maenje ake.

Makamera onga R50 amatchedwa mirrorless, kutanthauza kuti alibe kagalasi kamene kamakhala m'kati mwa makamera akuluakulu akale. Mtundu umenewu udayamba kufala Panasonic itatulutsa Lumix G1 m'chaka cha 2008. Lenzi yake imachotsedwa n'kuikapo ina malinga ndi ntchito. Imene imabwera ndi R50 pogula imakoka kawiri ndi theka basi.

Mpaka apa mnyamata uja akuoneka ngati akunena zoona. Chimene iye sadaone n'chakuti chithunzi chimapangidwa m'kati mwa kamera, pa kachipangizo kotchedwa sensa komwe kamalandira kuwala, ndipo m'malo mwa filimu ya kale lero muli kameneka. Sensa ya SX50 ndi ya mamilimita pafupifupi 6 m'litali ndi 4 ndi theka m'lifupi, kuchepa kuposa chikhadabo cha chala chaching'ono. Ya R50 ndi ya mamilimita 22 kwa 15, ndipo malo ake olandirira kuwala ndi aakulu pafupifupi ka 12.

Tiyerekeze ndi mvula. Ikamagwa yamphamvu, wotchera kapu ndi wotchera beseni onse amapeza madzi. Ikangokhala yowaza, wa kapu amabwerera ndi timadontho. Kuwala nakonso n'chimodzimodzi. Dzuwa likaswa mtengo, makamera awiriwa amatulutsa zithunzi zoti munthu wamba sangasiyanitse msanga. Mukalowa m'tchalitchi cha mawindo ang'onoang'ono, kapena kukayamba kuda anthu akupelekaperekani, kamera ya sensa yaing'ono imasowa kuwala. Imayamba kuchedwa kutsinzina, ndiye munthu akangogwedezeka nkhope imapakika, chithunzi chonse chimadzaza timadontho ngati mchenga.

Zimenezi ndidaziona ndi maso. Zaka zingapo zapitazo tidali ndi ukwati pabanja pathu, m'nyengo ya mvula, kumwamba kutachita bii. Wojambula amene tidamulemba ganyu adabwera ndi chikamera cha mlomo wautali ndipo tonse tidakhulupirira kuti zinthu zili m'malo. Zithunzi za panja zidatuluka bwino ndithu. Za m'tchalitchi, pomwe akwati amavekana mphete, zidatuluka ngati zajambulidwa m'utsi. Chowawa kwambiri chidali cha agogo akuvina ndi mkwatibwi madzulo. Agogowo adatisiya chaka chotsatira, ndipo chithunzi chawo chomaliza ndi chimenecho, nkhope yosazindikirika, chitenje chokha ndicho chimatiuza kuti ndi iwo. Ukwati sauchita kachiwiri kuti wojambula akonze zomwe adalakwitsa.

Akuluakulu akukumbuka mmene ntchitoyi inkayendera kale. Wojambula ankayenda pa njinga mudzi ndi mudzi, kamera ili m'khosi, filimu imodzi yotha zithunzi 36. Unkalipira theka, iye n'kupita kukatsukitsa ku Limbe kapena ku Blantyre, iwe n'kudikira sabata imodzi kapena ziwiri. Chithunzi chikatuluka utatsinzina, unkachilandirabe, poti kunalibe kwina kopita. Lero pa ukwati uliwonse pamakhala mafoni ambirimbiri akujambula. Mafoni ambiri amakono, ngakhale sensa yake ndi yaing'ono, ali ndi nzeru zophatikiza zithunzi zingapo m'kanthawi kochepa kuti chituluke chimodzi chowala bwino. Kamera ya 2012 izi siizitha bwino ngati foni ya lero. Choncho wojambula amene akulipiritsa akhoza kuchita manyazi poona kuti mlamu wa mkwati wajambula zooneka bwino pa foni kuposa iye. Munthu amalipira chinthu chimene foni yake singamupatse.

Apa m'pamene mirrorless imadyera. Ya masiku ano imazindikira nkhope ndi diso la munthu n'kumalitsatira ngakhale akuvina. Imajambula kanema wa 4K, ili ndi poboola poika maikolofoni, komanso imatumiza zithunzi ku foni popanda chingwe, zomwe SX50 ilibe. Eni ukwati ambiri tsopano amafuna zithunzi pa WhatsApp tsiku lomwelo, abale a ku Joni ndi ku Lilongwe aone. Ukaikapo lenzi yolowetsa kuwala kwambiri, monga ya 50mm f/1.8, munthu amaoneka bwino lomwe pamene kumbuyo kwake kwazimiririka, ndipo amayi osenza mapoto ndi galu wodutsa saonekanso. Zithunzi zoterezi ndi zomwe anthu amakulitsa n'kupachika pabalaza.

Musaganize kuti bridge yakaleyo ndi yotayidwa. Ili ndi ntchito yake, ndipo ku Mulanje ntchitoyo ilipo. Phiri lomwe mtsinje wa Thuchila umachokera limakopa alendo chaka chonse, nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO lidaliika pa mndandanda wa malo ofunika kwambiri padziko lonse. Mnyamata woperekeza alendo kuphiri, amene akufuna kujambula mbalame ili pamwamba pa mtengo kapena anthu akukwera thanthwe la Chambe, bridge imukwanira, ndipo ndi yopepuka poyerekeza ndi lenzi yaitali ya mirrorless yomwe mtengo wake umaposa kamera yeniyeniyo. Chimodzimodzi pa mpikisano wothamanga wa Porters Race ku Likhubula, pa mpira wa m'mudzi, kapena pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde mu Okutobala, pomwe khamu la anthu limakuimika kutali ndi ovina tchopa. Zonsezi zimachitika panja, masana, munthu uli patali.

Ngakhale pamenepo 50x ija ili ndi malire. Ukakoka mpaka kumapeto, kugwedezeka pang'ono kwa dzanja kumakulanso, ndipo pamafunika choimikapo kamera kapena kutsamira khoma. M'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala, fumbi ndi utsi wa moto wolusa zimaphimba phiri, ndiye kamera imangokoka utsi womwewo.

Tsopano nkhani ya ndalama, yomwe ndiyo idatikhalitsa nthawi yaitali. R50 ndi lenzi yake idatuluka pa mtengo wa madola pafupifupi 800 ku America. Chichokereni pomwe Kwacha idagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, katundu aliyense wochokera kunja adakwera modetsa nkhawa. Pa mtengo wa kubanki wa m'chaka cha 2025, wa pafupifupi K1,750 pa dola, ndalamayi ndi K1.4 miliyoni, musadawerengere zoyendera ndi msonkho, ndipo amalonda ambiri sawerengera dola pa mtengo wa kubanki. Matumba a nandolo angati amenewo? Ndipo kamera yokha siigwira ntchito. Pamafunika batire yachiwiri, poti mirrorless imadya moto chifukwa sikirini yake imayaka nthawi zonse, ndipo magetsi kwathu kuno sitiwadalira. Pamafunika memori khadi ziwiri, chikwama, ndi fulashi. Pa fulashi pali msampha wina: pamwamba pa R50 adasintha polumikizira, moti fulashi zambiri zakale ndi zotchipa sizigwira popanda kachipangizo kena kogula padera.

Bridge yakale ndi yotsika mtengo, koma nayo ili ndi misampha. Kamera ya zaka zoposa khumi batire yake imakhala itatopa, ndipo yatsopano yeniyeni ndi yovuta kuipeza. Lenzi yake imayendetsedwa ndi kamota, ndiye kakafa, kapena mchenga ukalowa lenzi n'kukanirira, kamera yonse yatha chifukwa sungachotse diso n'kuikapo lina. Wogula aikoke ndi kuibweza kangapo akumvetsera ngati ikukhuluza. Aunikenso ndi tochi m'kati mwa lenzi. Akaona tinthu toyera ngati ukonde wa kangaude, imeneyo ndi nkhungu ndipo aisiye. Amene akufunitsitsa bridge angayang'anenso mitundu yogwiritsa mabatire wamba a AA, monga Nikon Coolpix B500, chifukwa mabatire amenewa amapezeka pa golosale iliyonse.

Nkhungu ija siisankha kamera. Mulanje ndi dera la mvula yambiri ndi chiperoni, ndipo kamera yosungidwa m'sutikesi pansi pa bedi m'nyumba yachinyezi imaonongeka m'nyengo imodzi. Isungeni m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi touma tija timabwera m'bokosi la nsapato zatsopano. Mdani wina wa mirrorless ndi fumbi. Kusintha lenzi pabwalo pomwe anthu akuvina kumalowetsa fumbi pa sensa, ndipo chithunzi chilichonse chimatuluka ndi kadontho pamalo amodzimodzi. Kupukuta sensa ndi mpango kapena kuuzira ndi pakamwa n'kuipha.

Ndidamufunsa mnyamata uja funso limodzi: "Iwe, ndalama zako zizichokera kwa ndani, kwa mbalame kapena kwa akwati?"

Adaseka, koma adamva. Pa ukwati wojambula saima kutali. Amaima masitepe atatu kapena asanu kuchokera kwa akwati, nthawi zambiri pansi pa denga. Kukoka ka 50 sadzakugwiritsa ntchito ngakhale kamodzi.

Pakati pa makamera awiriwa palinso njira ina imene achimwene a ku Joni sadaiganizire. Pali ma mirrorless akale pang'ono, monga Sony a6000 ya m'chaka cha 2014, omwe sensa yake ndi yaikulu ngati ya R50 ndipo amapezeka ogwiritsidwa kale ntchito pa mtengo wotsikirapo. Palinso makamera akuluakulu a kagalasi aja, a DSLR, omwe ojambula ambiri a m'tauni akuwagulitsa posamukira ku mirrorless. Amenewa batire yake imakhalitsa ndipo malenzi ake ndi osavuta kupeza. Chenjezo n'lakuti musagule musadafunse za malenzi. Mwachitsanzo, Canon idasiya kupanga makamera a mtundu wa EOS M, ndipo malenzi ake sakwana pa R50 ngakhale dzina la kampani ndi limodzi.

Kwa banja lomwe likungofuna zithunzi za ana, za ubatizo ndi za tsiku lotsekera sukulu, maganizo anga ndi oti foni yabwino ikukwanirani. Ndalama yotsalayo mutsukitse zithunzi zingapo muike mu alubamu, chifukwa foni imabedwa, imagwera m'madzi, ndipo zithunzi zimapita nayo.

Mwana wa mlongo wanga uja sadagule iliyonse mwa makamera awiri aja. Achimwene ake akufufuza mirrorless yakale pang'ono yokhala ndi mabatire awiri, ndipo tawauza kuti asadalipire ajambule nayo m'chipinda chopanda dzuwa, atitumizire tione. Padakali pano mnyamatayo Loweruka lililonse akumanyamulira chikwama wojambula wina wachikulire wa m'deramo, kuphunzira poima wansembe akamadalitsa mphete. Ndalama za nandolo akusunga amayi ake.