Zigamba zakuda za mumlalang'amba si maenje

Mwezi ukabisala m'nyengo ya mwera, mlalang'amba umayala njira yoyera pamwamba pa nyanja ku Nkopola, kunsi nyali za asodzi a usipa zili ngwee. M'njiramo muli zigamba zakuda, ndipo ambiri amati pamenepo nyenyezi zinathera, mpopanda kanthu. Ayi ndithu. Imeneyo ndi mitambo ya fumbi ndi mpweya wozizira koopsa, makamaka wa haidrojeni, yotchinga nyenyezi zakuseri kwake. Ndipo nyenyezi zatsopano zimabadwira m'mitambo yomweyo.

Milalang'amba ina iliponso kupatula wathuwu, ndipo ena amayesa kuti mlalang'amba wamphamvu ndi umene ukuthobwa m'maso. Taonani Arp 220, milalang'amba iwiri imene ikuphatikizana kutali kwakuti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 250 miliyoni kuti kutipeze. Pa telesikopu wamba ndi kachifunga chabe. Koma setilaiti ya IRAS itaunika thambo mu 1983, zinaululika kuti mphamvu zake zimaposa madzuwa thililiyoni imodzi, kungoti pafupifupi zonse zimatuluka ngati infrared, kuwala kwa kutentha kumene diso silikuona. Zili ngati mbaula yokwiriridwa ndi phulusa: moto suoneka, koma dzanja limaumva.

Phulusa la Arp 220 ndi fumbi; nanga lonselo ladza bwanji pamodzi? Milalang'amba ikagundana, nyenyezi siziombana kawirikawiri monga anthu amaganizira, chifukwa n'zotalikirana zedi. Umene umakankhana ndi mpweya, n'kukaunjikana pakatikati, nyenyezi n'kuyamba kubadwa mwaunyinji.

Chimene chimandigwira mtima ndi zimene zili mumpweyawo. Timati madzi ndi a dziko lathu lokha, koma pakati pa Arp 220 apezapo nthunzi ya madzi, carbon monoxide ndi hydrogen cyanide. Mu 2008 akatswiri a telesikopu ya Arecibo analengeza kuti apezanso methanimine, imene ingathandize kupanga glycine, chimodzi mwa zomangira mapuloteni. Tisathamange: uwu si umboni woti kuli zamoyo. Ndi zipangizo chabe.

Ndipo ana athu asamauzidwe kuti sayansi iyi ndi ya kutsidya kwa nyanja kokha. Mu 2022 MeerKAT, telesikopu ya madishi 64 ku Karoo m'dziko la South Africa, inalengezedwa kuti yagwira mafunde a wailesi ochokera ku mpweya wa hydroxyl m'milalang'amba yogundana, atayenda zaka pafupifupi 5 biliyoni. Gwero lake analitcha dzina la Chizulu, Nkalakatha.