Kutentha Thupi M'chikuta: Tisamangoti Ndi Malungo

Mwana akabadwa m'mudzi mumamveka nthungululu. Achibale amabwera ndi ufa, nkhuni ndi usipa, ndipo maso onse amakhala pa khanda. Nanga mayi wake timamuyang'ana? Pa masabata 6 oyamba chiberekero chimakhala ngati bala losapola, ndipo tizilombo tikalowamo mayi angathe kutisiya m'masiku ochepa chabe.

Matendawa ndi akale. Pa chipatala chachikulu cha mumzinda wa Vienna, ku Austria, panali zipinda ziwiri zochiliramo amayi. M'chipinda cha ophunzira udokotala, pafupifupi mayi mmodzi mwa 10 aliwonse ankamwalira ndi kutentha thupi, pamene m'chipinda cha azamba imfa zinali zochepa kwambiri. Dokotala wina wa ku Hungary, Ignaz Semmelweis, adaona kuti ophunzirawo ankachokera kong'amba mitembo n'kupita kukapima amayi. M'mwezi wa May 1847 adalamula kuti aliyense azisamba m'manja ndi madzi a klorini. Imfa zimene mu April zidafika amayi 18 pa 100 zidatsika kufika pafupifupi 2 pa 100 mu June. Komabe madokotala ambiri sadamumvere, ndipo adamwalira mu 1865 maganizo ake asadalandiridwe.

Mu 1879 Louis Pasteur wa ku France adasonyeza tizilombo timene timayambitsa matendawa. Mu 1936 Leonard Colebrook wa ku London adachiritsa amayi ambiri ndi mankhwala otchedwa Prontosil, ndipo pambuyo pake padabwera penisilini. Tsono lero mankhwala alipo. Chimene chimatipha ndi kuchedwa.

Kwathu kuno kunyanja munthu akatentha thupi timafulumira kunena kuti ndi malungo. Mayi amamwa panado n'kufunda bulangete, uku matenda akulowerera m'magazi. Enanso amati magazi a nifasi amatha kufika masiku 40, motero palibe chodabwitsa. Zoona, koma magazi amenewa amayenera kumka nachepa. Akayamba kununkha, kapena akachuluka mwadzidzidzi, zinthu sizili bwino. Zizindikiro zina ndi kunjenjemera, kupweteka kwa m'mimba cham'munsi, kufooka kwambiri, kupuma mofulumira, ndiponso mafinya pa bala la opareshoni. Mayi amene adavutika nthawi yaitali pochira, amene nsupa idasweka msanga, kapena amene chidutswa cha nsengwa chidatsalira mkati, tizimuyang'anitsitsa koposa.

Kupewa kwake sikulira ndalama zambiri. Mayi akachilire kuchipatala, ndipo abwererenso kukapimidwa pa masiku amene anamwino amuuza. Apongozi, azakhali ndi aliyense womusamalira asambe m'manja ndi sopo. Nsalu zodzitetezera zichapidwe ndi sopo, ziume padzuwa, ndipo zisinthidwe pafupipafupi. Masamba, mizu kapena nsanza zisaikidwe m'njira yoberekera. Akapatsidwa mankhwala opha tizilombo amwe onse mpaka atha, ngakhale atayamba kupeza bwino.

Inu abambo, nkhani ya m'chikuta musaisiyire amayi okha. Konzeranitu ndalama ya ulendo, ndipo dziwani wa njinga yamoto kapena wa bwato amene mungamudzutse usiku. Mwambo wakuti mayi asatuluke mchombo wa mwana usanagwe usatitsekere njira ya kuchipatala. Mayi akatentha thupi lero, apite lero lomwe, pakuti khanda lija lifunika bere la mayi wake.