M'mimba mukamavuta, tisafulumire kusala zakudya

Tikamayendera makalabu a achinyamata, funso la m'mimba silisowa. Mnzathu wina anatiuza kuti chidwalire matenda otsegula m'mimba dzinja lapitali, m'mimba mwake simunabwerere mwakale. Lero kupotokola, mawa kudzimbidwa, mkuja kutsegula. Anasiya nyemba, kenako mkaka, kenako nsinjiro ndi mazira, moti pano akudyera nsima masamba owiritsa basi. Apa m'pamene ife timada nkhawa.

Vuto lotere likhoza kukhala lomwe madokotala amalitcha irritable bowel syndrome, mwachidule IBS. Munthu amamva kupweteka m'mimba tsiku limodzi kapena kuposerapo pa sabata kwa miyezi 3, ndipo chimbudzi chimasinthasintha. Akamupima sapeza chilonda kapena chotupa m'matumbo. Matendawa sapatsirana, komanso sapha, koma amasowetsa mtendere.

Kodi tizilombo tikubwerapo bwanji?

Nthawi zina IBS imayamba munthu akachira matenda otsegula m'mimba. Tizilombo timatha, koma matumbo amatsala osachedwa kunyanyuka. Umboni womveka bwino unapezeka kutali, mumzinda wa Bergen ku Norway, kumene mu 2004 kachilombo kotchedwa giardia kanalowa m'madzi akumwa. Patatha zaka 3, anthu 46 mwa 100 alionse amene anadwala anapezeka ndi IBS, pomwe mwa amene sanadwale anali 14 okha. Kachilombo komweka kamapezekanso kwathu kuno m'madzi a m'mitsinje ndi m'zitsime zosatetezedwa.

Choncho tisanayambe kusala chilichonse, tipite kuchipatala akapime chimbudzi. Giardia, njoka za m'mimba ndi likodzo la m'matumbo zimatha ndi mankhwala. Ngakhale titasala nyemba chaka chathunthu sizingachoke. Ngati mukuona magazi m'chimbudzi, mukuwonda, thupi likutentha kapena mukudzuka usiku kukatsegula m'mimba, musaganize za IBS ayi. Kutsegula m'mimba kopitirira mwezi n'chifukwa chokwanira chokayezetsera magazi kuti mudziwe ngati muli ndi kachilombo ka HIV. Anzathu amene ali pa ma ARV, m'mimba mukavuta musasiye kumwa mankhwala. Kafotokozeni kumene mumalandirira.

Pali chinanso chokhudza mkaka. Tizilombo tikapweteka khungu la m'kati mwa matumbo, thupi limalephera kugaya shuga wa mumkaka, ndiye munthu amatupa m'mimba ndi mpweya. Kwa ambiri izi zimachepa pakapita masabata angapo. Yambiraninso pang'onopang'ono, makamaka ndi chambiko, chifukwa shuga uja ndi wocheperako.

Kudana ndi chakudya kuli pawiri

Ambiri timangoti "thupi langa limadana ndi chakutichakuti", koma pali kusiyana. Kudana kwenikweni n'koti chitetezo cha m'thupi chimalimbana ndi chakudyacho ngati mdani. Pasanathe maola 2 munthu amatuluka ziwengo, milomo imatupa, mwina amabanika. Zimachitika kawirikawiri ndi mtedza, nsomba, mazira kapena mkaka, ndipo kachidutswa kakang'ono n'kokwanira. Wotereyu apewe chakudyacho kotheratu, azifunsa ngati ndiwo ndi zotendera, ndipo akayamba kubanika athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Koma ambiri a IBS vuto lawo si limeneli. Iwo chimawavuta n'kuchuluka kwa chakudya chomwe chimawira m'matumbo. Nyemba zodzaza mbale zimawasautsa, koma masipuni awiri amadya bwinobwino. Akatswiri a pa yunivesite ya Monash ku Australia ndiwo anatchukitsa njira yochepetsa zakudya zoterezi: nyemba, anyezi, adyo, buledi ndi mandasi a ufa wa tirigu, mkaka, mango, uchi ndi mavwende. Mwayi wathu ngwoti nsima ya chimanga, mpunga, mbatatesi, nsomba, mazira, mtedza, papaya ndi malalanje sizili m'gululi.

Njirayi si ya moyo wonse. Mumachepetsa zakudya zija kwa masabata 2 mpaka 6, kenako n'kumabwezera chimodzichimodzi, chilichonse kwa masiku 3, uku mukulemba m'kope zomwe mwadya ndi mmene mwamvera. Mukabwezera zonse nthawi imodzi simudziwa cholakwa. Muzilembanso masiku amene muli ndi nkhawa, monga nthawi ya mayeso, kapena amene atsikana muli kumwezi, chifukwa nazonso zimadzutsa m'mimba ndipo nyemba zimangonamiziridwa.

Chitani izi mothandizidwa ndi a zaumoyo, kuti magulu onse 6 a zakudya asasowe m'mbale, makamaka ngati muli ndi pakati, muli ndi HIV kapena mukumwa mankhwala a TB. Mnzathu uja tamulangiza kuti akapimitse kaye chimbudzi. Mazira ndi nsinjiro wayambiranso, popeza sizinamutulutsepo ziwengo. Nyemba akuziviika usiku wonse, n'kutaya madziwo asanaphike, ndipo wayamba ndi masipuni awiri.