Khutu la Mkango ndi Mchira wa Mkango: Za Kumasulira Mayina a Zomera

Aliyense amene anayendapo pamsewu wochokera ku Kamwendo kupita kumalire a Mchinji mvula ikamatha ayenera kuti anachionapo chomera chimene tikuti tikambirane pano. Chimamera m'masala, m'mbali mwa misewu ndi m'mphepete mwa minda, ndipo panthaka yachonde chimatalika kuposa munthu. Tsinde lake lili ndi ngodya zinayi. Masamba amatuluka awiriawiri moyang'anizana, ndipo chakunsonga kuli timipira tobaya totungika patsinde motalikirana ngati mikanda paulusi. M'timipiramo ndimo mumatuluka maluwa aubweya, ooneka ngati lawi la moto, amene ana amakonda kuthothola n'kumayamwa timadzi take totsekemera. Akatswiri a zomera amachitcha Leonotis nepetifolia.

Chatichititsa kulemba ndi nkhani ina yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi imene tinapemphedwa kuti tiiwunike. Womasulira, amene Chichewa chake chinali chosalala ndithu, atapeza mayina akuti lion's ear, lion's tail ndi wild dagga anangolemba kuti “khutu la mkango”, “mchira wa mkango” ndi “chamba cham'tchire”, ngati kuti onsewo ndi mayina a chomera chimodzi chodziwika kwa Achewa. Apa panalakwika zinthu zingapo, ndipo sizilemera mofanana.

Choyamba, zomera zake n'ziwiri. Chimene tafotokoza pamwambapa, cha masamba otambalala okhala ndi mano m'mphepete, chimamera, kubereka ndi kufa m'chaka chimodzi, ndipo chimapezeka m'madera ambiri otentha a Africa ndi India. Chinzake, Leonotis leonurus, n'chitsamba chokhala zaka zambiri, cha masamba aatali opyapyala, ndipo kwawo ndi ku South Africa. M'madera ena chimachita kubzalidwa ngati duwa lokongoletsa pakhomo. Chachiwirichi ndicho kawirikawiri amachitcha lion's tail kapena wild dagga. Mphunzitsi wa ku Mkanda amene angatume ana kukafuna “mchira wa mkango” wa masamba opyapyala kutsala, adzawabweza ana amene athyola chomera cholondola cha kwawoko, iye n'kumati alakwitsa.

Mkangowo unachokera kuti? Unachokera ku Chigiriki. Dzina lakuti Leonotis linapangidwa ndi mawu awiri otanthauza mkango ndi khutu, pofanizira ubweya wa duwa ndi khutu la chilombocho, pamene leonurus ndi mkango ndi mchira. Choncho dzina lonse lakuti Leonotis leonurus, titati tilimasulire, lingamveke kuti “khutu la mkango la mchira wa mkango”, zimene palibe Mchewa angazinene osaseka. Carl Linnaeus, polemba zomera zimenezi m'chaka cha 1753, anaziika m'gulu lotchedwa Phlomis, ndipo Robert Brown ndiye anadzazisamutsira ku Leonotis kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800. Mayina a Chingereziwo anangotsanzira Chigiriki cha akatswiriwo. Ife tikawamasuliranso, ndiye kuti tikutsanzira wotsanzira.

Anthu amene amakhala ndi chomera tsiku ndi tsiku amachitcha malinga ndi zimene maso awo aona. Azulu, poona timbalame tamilomo yaitali yokhota tikuunjikana pamaluwa a Leonotis leonurus, ena mwa iwo amati utshwala bezinyoni, ndiko kuti mowa wa mbalame.  Ku Brazil, kumene Leonotis nepetifolia inafika n'kuwanda, olankhula Chipwitikizi amati cordão-de-frade, pofanizira timipira tija ndi mfundo za chingwe chimene ansembe ena amamanga m'chiuno. Mwa onsewa palibe anaona mkango.

Cholakwika chachikulu ndi chachitatu chija. Liwu lakuti dagga, limene linalowa m'Chiafirikaanzi kuchokera kwa Akhoikhoi, masiku ano limatanthauza chamba, ndipo n'zoona kuti anthu ena kumwerako ankasuta masamba a chitsambachi. Koma Leonotis si chamba, ndiponso si mbale wake wa chamba. Chamba chili m'banja la Cannabaceae, masamba ake ndi ogawikana ngati zala, pamene zomera zathuzi zili m'banja la Lamiaceae ndipo zilibe mankhwala oledzeretsa aja a m'chamba otchedwa THC. M'dziko muno liwu lakuti chamba limanyamula mlandu. Ngakhale lamulo la m'chaka cha 2020 linaloleza kulima chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhala ndi chilolezo, kusuta ndi kusunga chamba wamba kudakali kulakwira lamulo. Tangoganizani tsono buku la sukulu likunena kuti m'mbali mwa minda ya makolo a ana muli “chamba cham'tchire”. Mwana wina adzafuna kuyesa. Munthu wina wanjiru adzapeza ponenera mnzake kwa amfumu kapena kupolisi, ndipo m'boma lamalire ngati Mchinji, kumene katundu wodutsa amafufuzidwa, liwu lotere si loseweretsa. Mawu amenewa tikupempha akonzi kuti asawalole kudutsa.

Nanga wolemba achite chiyani? Ayambe wafunsa eni nthaka. Chomera chofala chotere, chimene ana amayamwa ndipo asing'anga amachidziwa, sichidikira kuti womasulira adzachipatse dzina. Pofunsa atenge chomera chenichenicho, chokhala ndi masamba ndi maluwa, osati chithunzi cha m'buku, ndipo afunse anthu angapo, amayi ndi abambo, m'midzi yosiyana. Alembe dzina monga lamvekera, mudzi umene walimva ndi tsiku. Kenaka chomeracho achiumitse pakati pa manyuzipepala ndi kuchitumiza ku National Herbarium and Botanic Gardens ku Zomba kuti akatsimikize mtundu wake. Kutsimikizaku n'kofunika chifukwa mayina athu sayenda limodzi ndi a sayansi: dzina ngati mwanamphepo limatchulidwa pa zomera zingapo zosiyana, ndipo chomera chimodzi chikhoza kukhala ndi dzina lina ku Kapiri, lina ku Zomba. Mabuku a Blodwen Binns wa 1972 ndi Jessie Williamson wa 1975 ndi poyambira pabwino, koma kalembedwe ka mayina ena m'menemo n'kofunika kukayesa ndi khutu la Mchewa musanakopere.

Kwa ofufuza a ku Mchinji tiwonjezepo kuti asaime pa chipata cha Mwami. Anthu a ku Chipata ndi a kuno amalankhula chinenero chimodzi, ngakhale kuti uko amachitcha Chinyanja, ndipo dzina limene lamveka mbali zonse ziwiri za malire lili ndi mphamvu yolowera mumtanthauziramawu kuposa lomveka m'mudzi umodzi.

Pamene dzina la Chichewa lisanatsimikizike, tigwiritse ntchito la sayansi, ndipo tisalisinthe kalembedwe. Kulemba kuti “Leyonotisi” n'kulichotsera ntchito yake, pakuti dzinali lilipo kuti wa ku Lilongwe, wa ku Lusaka ndi wa ku Maputo adziwe kuti akunena chomera chimodzi. Liwu loyamba liyambe ndi chilembo chachikulu, lachiwiri ndi chaching'ono, ndipo onse apendekeke posindikiza kapena adulidwe mzere kunsi polemba pamanja. Vuto la mgwirizano wa mawu limatha tikatsogoza liwu lakuti chomera: “chomera cha Leonotis nepetifolia chimamera m'masala”. Pofotokoza banja lake, m'malo movutika ndi liwu lakuti mint limene ana ambiri akumudzi sanalione tsamba lake, titchule mpungabwe, umene uli m'banja lomweli ndipo amaudziwa pothamangitsa udzudzu. Mwana akagwira tsinde la mpungabwe ndi la chomera chathuchi adzazimva yekha ngodya zinayi zija.