Khungu Lachiwiri la Wokwera Njinga Yamoto

 Nkhani yathu lero ikukhudza njinga zamoto zaliwiro zija, zimene wokwerapo amachita kuwerama ndi kukumbatira thanki ya mafuta, ndipo zikamadutsa pa msewu wa tala timangomva kulira kwake izo zitapita kale. Njinga zoterezi sizinachuluke kuno kwathu, komabe zayamba kuoneka m'mizinda ndi pa msewu wa M1, ndiponso ana athu ena amene akugwira ntchito ku South Africa ndi ku Britain amazikwera. Funso limene tikufuna kuliyankha ndi lakuti, kodi munthu amene wagula njinga yotere avale chiyani, nanga chovalacho achisankhe bwanji?

Tiyambe ndi kumvetsa chimene chimachitika munthu akagwa. Woyendetsa galimoto amakhala atazingidwa ndi zitsulo, pamene wokwera njinga yamoto ali pambalambanda. Njinga yothamanga makilomita 100 pa ola imadutsa mtunda wa mamita pafupifupi 28 pa sekondi imodzi yokha. Munthu akagwa pa liwiro lotere saima pamene wagwerapo, koma amakwekwereka pa tala mtunda wautali, ndipo talayo amakhala ngati mwala wonolerapo nkhwangwa. Chilichonse chimene chili pakati pa msewu ndi mnofu chimadyeka. Malaya ndi buluku wamba zimang'ambika m'kamphindi, nayiloni wamba amasungunuka ndi kutentha kwa kukhudzanako, ndipo nsalu ikatha msewu umayamba kudya khungu. Dziwaninso kuti liwiro likawonjezeka kawiri, mphamvu imene thupi liyenera kuitaya lisanaime imawonjezeka kanayi.

Bala la kunyuka pa tala si bala lamasewera. Mchenga ndi timiyala zimalowerera mu mnofu, kotero kuti achipatala amachita kulitsuka ndi kulipala, ndipo ululu wake ndi wosasimbika. Likakhala lalikulu ndi lakuya, madokotala amasenda khungu pamalo pena, kawirikawiri pantchafu, ndi kulimata pa balalo. Munthu amene amadyetsa banja ndi manja ake angathe kukhala masabata ambiri ali gone, ngakhale kuti sadathyoke fupa ndi limodzi lomwe.

Apa ndi pamene chikopa chimagwira ntchito yake. Makolo athu adaudziwa kale ubwino wa chikopa. Angoni popita ku nkhondo ankanyamula chishango cha chikopa cha ng'ombe. Mkati mwa chikopa muli timinyewa tambirimbiri tolukanalukana mbali zonse, ndipo chikamakhulidwa pa msewu chimatha pang'onopang'ono, osang'ambika msanga, komanso osasungunuka. Mwa njira imeneyi chimalipira msewu ngongole imene khungu la munthu likadalipira.

Mbiri ya zovala zimenezi idayambira kutali ndi kuno. M'chaka cha 1928 Irving Schott wa ku New York adasoka jekete lachikopa la zipi lotchedwa Perfecto, limene lidatchuka pakati pa okwera njinga zamoto. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1950, katswiri wa mipikisano wa ku England, Geoff Duke, adatchukitsa suti yachikopa yosokedwa pamodzi kuyambira m'khosi mpaka mu akakolo, pofuna kuti mphepo isamukoke. M'chaka cha 1975 katswiri wina wa dziko lomwelo, Barry Sheene, adagwa pa bwalo la Daytona ku America ali pa liwiro loposa makilomita 270 pa ola. Adathyoka ntchafu, mkono ndi nthiti, koma adapulumuka, nakhala katswiri wa dziko lonse mu 1976 ndi 1977. Ngozi zoterezi zidaphunzitsa osoka kuti chikopa chokha chimateteza khungu koma sichiteteza mafupa, ndipo mu 1979 kampani ya Dainese ya ku Italy, mogwirizana ndi Sheene yemweyo, idapanga chotetezera msana. Kuyambira mu 2018 opikisana mu mipikisano ya MotoGP amalamulidwa kuvala suti yokhala ndi thumba la mpweya, limene limafufuma lokha munthu akayamba kugwa.

Mwina wina angafunse kuti, kodi umboni ulipo wakuti zovala zimenezi zimathandizadi pa msewu wamba? Ulipo. Lipoti la Harry Hurt la m'chaka cha 1981, limene lidafufuza ngozi 900 za njinga zamoto ku Los Angeles, lidapeza kuti majekete okhuthala, magolovesi ndi jombo zimachepetsa mabala a kunyuka ndi kuchekeka. Kafukufuku wina, amene adatsogolera ndi Liz de Rome ku Canberra m'dziko la Australia, ndipo adasindikizidwa mu 2011, adatsata anthu 212 amene adachita ngozi. Adapeza kuti ovala jekete, buluku kapena magolovesi a pa njinga yamoto sankagonekedwa m'chipatala kawirikawiri ngati anzawo osavala. Komabe adapezanso chinthu chodetsa nkhawa: mwa zovala zinayi zilizonse, choposa chimodzi chidang'ambika kapena kusomboka pa ngoziyo. Tanthauzo lake ndi lakuti kuvala kokha sikukwanira. Nzeru yagona pa kasankhidwe.

Choyamba kuyang'ana ndi chikopacho. Masuti abwino ambiri amasokedwa ndi chikopa cha ng'ombe chokhuthala mamilimita 1.2 mpaka 1.4. Ena amasokedwa ndi chikopa cha kangaroo, nyama ya ku Australia, chimene chimalimba ngakhale chikhale chopyapyala, motero suti yake imapepuka, koma mtengo wake ndi wokwera. Chikopa cha mbuzi chimakondedwa pa magolovesi chifukwa ndi chofewa ndipo zala zimamva bwino zogwirira. Chimene muyenera kuchipewa ndi jekete lachikopa lotchenera, longa aja timawapeza pa kaunjika. Ambiri mwa amenewa ndi a chikopa cha nkhosa chopyapyala, ndipo ena si chikopa n'komwe, koma pulasitiki womatidwa pa nsalu. Amawala bwino m'maso, koma akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere.

Chachiwiri ndi misoko. Chikopa cholimba chosokedwa mwaulesi chili ngati thumba latsopano lomangidwa ndi luzi lovunda. Tembenuzani chovalacho muone mkati. Pamapewa, m'mikono, m'chiuno ndi m'mbali mwa ntchafu payenera kukhala posokedwa kawiri kapena katatu, ndipo msoko umodzi ukhale wobisika mkati, kuti ulusi wa pamwamba ukadyeka ndi msewu wamkatiwo ugwirebe. Suti yopangidwa ndi zikopa zikuluzikulu zochepa imaposa yolumikizalumikiza tizidutswa tambiri tamawangamawanga, pakuti msoko uliwonse ndi khomo limene msewu ungalowerepo.

Chachitatu ndi zishango zazing'ono zimene zimaikidwa m'matumba a mkati mwa suti, pamapewa, pazigongono, m'chiuno, pamawondo ndi pamsana. Ntchito yake ndi kumwaza mphamvu ya kumenyekako kuti isathere pa fupa limodzi. Ku Ulaya amaziyesa pogwetsapo chitsulo cholemera makilogalamu 5 kuchokera pamtunda wa pafupifupi mita imodzi, ndi kuyeza mphamvu imene yadutsa kufika kuseri. Muyeso wake ndi kilonyutoni, ndipo kilonyutoni imodzi ikufanana ndi kulemera kwa matumba awiri a chimanga a makilogalamu 50. Chishango cha pamfundo za manja ndi miyendo, cha muyezo wa EN 1621-1, chikalembedwa Level 1 chimadutsitsa makilonyutoni osaposa 35, pamene cha Level 2 chimadutsitsa osaposa 20. Cha pamsana, cha muyezo wa EN 1621-2, malire ake ndi 18 pa Level 1 ndi 9 pa Level 2. Mukuona nokha kuti Level 2 ndiye woteteza kwambiri. Chenjeraninso ndi ichi: majekete ambiri amagulitsidwa ali ndi kasiponji chabe m'thumba la kumsana. Kasiponjiko si chishango, ndipo muyenera kugula chenicheni padera.

Chachinayi ndi chizindikiro chosokeredwa mkati mwa chovala. Zovala zoyesedwa pa muyezo wa ku Ulaya wa EN 17092, umene udakhazikitsidwa mu 2020, zimakhala ndi kachithunzi ka munthu ali pa njinga yamoto pamodzi ndi zilembo. AAA ndi gulu lapamwamba, AA lapakati, A lopepuka loyenera maulendo a pang'onopang'ono m'tauni. Gulu B lilibe zishango, pamene gulu C ndi chovala chongogwira zishango, chosateteza ku kunyuka. Pa njinga yaliwiro funani AAA, ndipo mukalephera musatsike kupitirira AA. Komabe zilembo zimasindikizidwa ndi aliyense, achinyengo omwe. Mukaona suti ya dzina lotchuka ikugulitsidwa pa intaneti pa mtengo wa jekete wamba, mtima wanu ukayike. Suti yeniyeni imabwera ndi kabuku kofotokoza muyezo wake ndi dzina la bungwe limene lidaiyesa.

Chachisanu, chimene ambiri amalakwitsa, ndi kukwana kwa chovalacho m'thupi. Ife tidazolowera kugula chovala chokulirapo kuti tipumemo bwino, koma suti ya pa njinga yamoto iyenera kugwira thupi ngati khungu lachiwiri. Ikakhala yotakasuka, chishango cha pachigongono chimathawa pamalo pake pa nthawi yomwe chikufunikayo, ndipo chikopa chokhwepa chimapindika ndi kugwira msewu n'kumugubuduza munthu. Suti ya njinga yaliwiro imasokedwa mikono ndi miyendo yake ili yopindika kale, motero mukaimirira nayo mowongoka imakukokani pamapewa. Chimenecho si chilema. Iyeseni mutakhala pa njinga, kapena mutanjuta ndi kutambasulira manja kutsogolo. Gwirani chishango chilichonse ndi kuyesa kuchisuntha. Chikayenda kuchoka pa fupa, sutiyo ndi yaikulu. Koma ikakulepheretsani kupuma mokwanira, kutembenuza khosi kapena kufinya buleki, ndiye kuti ndi yaing'ono. Chikopa chatsopano chimanyunyuka pang'ono mukachivala masiku angapo, koma sichitalika.

Nanga suti yathunthu ndi ya zigawo ziwiri, yabwino ndi iti? Yathunthu ilibe polekana m'chiuno, n'chifukwa chake opikisana amavala imeneyo. Ya zigawo ziwiri imathandiza pa ulendo, pakuti mukaima mungathe kuvula jekete. Mukasankha imeneyi onetsetsani kuti jekete ndi buluku zikulumikizana ndi zipi yozungulira chiuno chonse. Popanda zipi yotere, jekete limakwinyikira m'khwapa munthu akamakwekwereka, msana ndi mimba n'kukhala pamtunda.

Manja ndi mapazi tisaziiwale. Munthu akamagwa amatsogoza zikhatho mosaganiza n'komwe. Magolovesi akhale achikopa, aatali ophimba mkono wa jekete, okhala ndi lamba womanga pamfundo ya dzanja, ndiponso kachotetezera kolimba m'munsi mwa chikhatho kothandiza dzanja kutsetsereka mmalo mokakamira pa tala. Mutawamanga, yesani kuwavula mokoka zala. Akavuka, adzavukanso pa ngozi. Muyezo wake ndi EN 13594. Jombo zikhale zopitirira akakolo, zolimba kuchidendene ndi kuzala, zosapindika mukazipotokola ndi manja, ndiponso zopanda zingwe zolendewera zimene zingakole pa chitsulo cha magiya. Muyezo wake ndi EN 13634. Pamwamba pa zonsezi pali chisoti, chimene ambiri amachitcha helemeti. Chikhale chophimba nkhope yonse mpaka chibwano, cha muyezo wa ECE 22.06 kapena wina wodalirika, chomangidwa lamba nthawi zonse. Chisoti chimene chidamenyekapo kale chatha ntchito ngakhale kunja chioneke chabwino, motero musagule chogwiritsidwa kale ntchito.

Tikudziwa kuti omvera athu a ku Chikwawa, Salima ndi Karonga akufunsa kale za kutentha kwa mwezi wa Okutobala. Dandaulo limeneli ndi loona, pakuti munthu wotenthedwa amatopa ndipo maganizo ake amachedwa. Mankhwala ake ndi kusankha chikopa chobooledwa timabowo tambirimbiri pachifuwa ndi pantchafu, cha mtundu wowala, kuvala kamalaya kopyapyala mkati, kumwa madzi pafupipafupi ndi kunyamuka m'mamawa. Ziliponso zovala za nsalu zolimba zolowa mphepo zimene zidayesedwa pa muyezo womwe uja. Chovala cha gulu AA chimene muchivala tsiku lililonse chiposa cha AAA chimene chatsala pa msomali kunyumba.

Suti yabwino ndi chuma, choncho isamaleni. Ikanyowa ndi mvula iyanikeni pamthunzi podutsa mphepo, osati pamoto kapena padzuwa laukali, chifukwa chikopa chimauma gwa ndi kuyamba ming'alu. M'nyengo ya dzinja musaisunge mu pulasitiki, ingachite nkhungu. Ipukuteni ndi kansalu konyowa, muzipaka mafuta ake a zikopa apo ndi apo, ndipo parafini kapena petulo asayandikire. Mukafuna kugula yovalidwapo kale, yang'anani ngati ili ndi zipsera za ngozi, misoko yosomboka kapena chikopa chouma, ndipo zishango zake zakale musinthe.

Potsiriza, tinene mosabisa mawu kuti chikopa chili ndi malire. Opikisana amagwa pa liwiro loopsa n'kudzuka chifukwa bwalo lawo lili ndi malo otakasuka otsetserekapo, ndipo ambulansi imakhala pafupi. Pa misewu yathu pali mitengo, ngolo, mbuzi, ana a sukulu ndi malole obwera kutsogolo, ndipo palibe suti imene ingapulumutse munthu wowombana ndi lole. Chovala chisakupatseni mtima wothamanga koposa. Inu amene mukusunga ndalama zogulira njinga, werengerani mtengo wa chisoti, suti, magolovesi ndi jombo ngati gawo la mtengo wa njingayo. Ngati ndalama sizikukwanira zonse, gulani njinga yocheperako. Inunso a njinga zazing'ono ndi a kabaza, tala amene amadya khungu ndi yemweyo, ndipo chisoti chomanga bwino, magolovesi, nsapato zotseka ndi jekete lokhuthala ndi poyambira pabwino. Tsoka silinunkha, ndipo silisankha ulendo wautali kapena wa pafupi.

 Yendani bwino, mukafike amoyo kwa amene akukudikirani kunyumba.