Waya wotchipa amadya mpamba: zoyenera kudziwa amalonda a ku Magomero

Magetsi akafika pamalo, malonda amasintha nkhope. Ku Magomero m'boma la Chiradzulu ndi pamsika woyandikana nawo wa Namadzi, pamsewu wa Blantyre ndi Zomba, chipinda chimodzi chitha kukhala ndi firiji ya zakumwa, makina ometera, wailesi ndi mafoni khumi otchaja, zonsezi zikukoka moto pa soketi imodzi. Katundu wa m'chipindacho kawirikawiri amakhala wa ngongole ya banki m'khonde. Waya akayaka usiku, katunduyo amapsa koma ngongole imatsala.

Nchifukwa chake njira yodutsitsa mawaya si nkhani ya amisiri okha. Mwini bizinesi, yemwe amatulutsa ndalama yogulira zipangizo, ayenera kudziwa chomwe akulipira.

Njira zofala zilipo zitatu. Yoyamba ndi mapaipi a pulasitiki okwirira m'khoma, oyenera nyumba yomwe ikumangidwa kumene. Yachiwiri ndi trunking, kangalande ka pulasitiki kokhala ndi chivindikiro, kokhomera pamwamba pa khoma. Iyi imathandiza wochita lendi chifukwa saswa khoma la eni ake. Yachitatu ndi thireyi yachitsulo yobowolabowola, yomwe imanyamula mawaya akuluakulu m'mwamba. Thireyi ndi yoyenera pachigayo, powotcherera zitsulo kapena pamzere wa mashopu omwe mawaya ake amayenda mtunda wautali. Mabowo ake amalola mpweya kuziziritsa waya, ndipo pakavuta pamaoneka msanga.

Apa pali cholakwika chomwe chimachitika kawirikawiri. Waya wa nthambo imodzi, wokutidwa ndi pulasitiki kamodzi kokha, malo ake ndi m'paipi kapena mu trunking yotseka. Pa thireyi yotseguka pamafunika waya wokutidwa kawiri, kapena wa chitsulo kunja uja amati armoured. Waya wopyapyala akagonekedwa pachitsulo, makina a chigayo akamanjenjemera pulasitiki imaperepeseka mpaka kopa kukhudza thireyi. Nchifukwa chake thireyi yachitsulo iyenera kulumikizidwa ku waya wa earth chigawo chilichonse, ndipo m'mbali modulidwa asalazemo kuti musatsale zakuthwa.

Kukula kwa waya kumayenderana ndi ntchito yake. Magetsi a ESCOM a m'nyumba ndi a mavoti 230. Mababu amayendera waya wa 1.5, masoketi wa 2.5, pomwe kuka ya magetsi imafuna wa 6. Waya wa 2.5 wotetezedwa ndi breaker ya ma amp 20 amanyamula mawati pafupifupi 4,600. Ketulo imodzi imadya mawati pafupifupi 2,000, ndipo dalaya ya m'manja ya mu saluni imayandikira pomwepo. Madalaya awiri ndi ketulo zikayaka pamodzi, malire apyola kale. Breaker ikamagwa pafupipafupi, mankhwala ake si kuikapo yaikulu. Kutero nkuchotsa mlonda pakhomo, chifukwa waya ndiye amayamba kutentha. Chofunika ndi kukoka mzere wina kuchokera pa bokosi la ma breaker.

Pogula, maso akhale pa kopa. Kopa amagulitsidwa pamsika wa dziko lonse m'madola, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, zinthu zoitanitsa kunja monga waya zinakwera mtengo. Choncho waya wotchipa modabwitsa ayenera kukayikiridwa. Wina amakhala wa aluminiyamu wokutidwa ndi kopa pamwamba pokha. Aluminiyamu amadutsitsa magetsi pafupifupi magawo 6 mwa magawo 10 a kopa, ndiye amatentha msanga ndipo amathyoka pomangira sikuluu.

Kuyesa kwake nkosavuta ngakhale pa hadiweya ya ku Limbe kapena ku Zomba. Kupala nsonga ya waya ndi mpeni: mkati mukaoneka moyera, si kopa weniweni. Kuyandikiza maginito: waya akakakamira, mkatimo muli chitsulo. Sikelo nayo sinama. Mpukutu wa mamita 100 wa waya wa 2.5 wa nthambo imodzi umakhala ndi kopa wopitirira pang'ono makilogalamu awiri, osawerengera pulasitiki. Mpukutu wonse ukalephera kufika pamenepo, ndiye kuti kopayo ndi wabodza, waya ndi wocheperapo, kapena mamita sakukwana. Pa pulasitiki ya wayayo pazikhala dzina la kampani ndi kukula kwake, ndipo lisiti isungidwe. Bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards ndilo lili ndi udindo woyang'anira katundu wotere.

Poika, mawaya asapanikizidwe. Lamulo lomwe amisiri amatsata ndi lakuti mu trunking mawaya asafike theka la malo ake, chifukwa akathithikana amatenthetsana. Pa thireyi ayalidwe mondondozana, osati kuunjika, ndipo amangidwe ndi timalamba. Thireyi isagunde malata, pakuti dzuwa la mu October limawatenthetsa kwambiri ndipo waya wotentha kale sanyamula katundu wake wonse. Mawaya a sola ndi a intaneti ayende paokha, asasakanizidwe ndi a ESCOM. Zolumikiza zikhale m'kabokosi kotseka, osati kupotokola ndi kukulunga ndi pepala la shuga. Pachigayo, fumbi la ufa lizisesedwa pa thireyi chifukwa limagwira moto, komanso limaitana makoswe omwe amatafuna pulasitiki.

Mitundu ya mawaya nayo isokoneza ambiri. M'nyumba zakale wamoto ndi wofiira, wobwerera ndi wakuda. Mawaya atsopano ambiri wamoto ndi wa bulauni, wobwerera ndi wa buluu, ndipo earth ndi wobiriwira wosakaniza ndi chikasu. Wowonjezera chipinda ku nyumba yakale atha kukumana ndi mitundu yonse iwiri pamalo amodzi, ndiye mmisiri aziyeza ndi chipangizo asanagwire.

Ntchitoyi igwiridwe ndi mmisiri wokhala ndi chiphaso cha bungwe la MERA, lomwe limayang'anira za mphamvu zamagetsi ndi mafuta m'dziko muno. Mwini malo apemphe kuona chiphasocho, komanso mndandanda wolembedwa wa zipangizo asanapite kokagula. Pa bokosi la ma breaker pakhalenso kachipangizo ka RCD ka 30mA, komwe kamadula magetsi munthu akagwidwa.

Wogulitsa mawaya nayenso ali ndi phindu lake apa. Hadiweya yomwe imalola kasitomala kupala waya ndi kuika mpukutu pa sikelo imatchuka msanga pakati pa amisiri, ndipo amisiriwo ndi amene amabweretsa makasitomala ena.