Mtanda wa Mlendo: Cholowa Chimene Amayi Amatisiyira

M'makomo ambiri a kumudzi, mayi akamaomola nsima salekezera pa chiwerengero cha anthu a pakhomopo. Amasunga mtanda umodzi kapena iwiri m'mbale yovundikira, kuchitira aliyense amene angatulukire mosayembekezeka. Mayi akamwalira, zitenje, mapoto ndi makina osokera zimagawidwa mosavuta. Zimene ankadziwa ndiponso mmene ankakhalira ndi anthu sizigawika choncho, ndipo ndi zimene zimayamba kutayika.

Pakati pa Achewa, Amang'anja, Ayao ndi Alomwe, mtundu umatsata kuchikazi. Mwana amakhala wa mbumba ya mayi ake, ndipo kawirikawiri mayi ndiye amadziwa kuti munda wakuti unali wa yani, wachibale wakuti anakwatiwa kuti, ndi kumene makolo anachokera. Akapita asanafunsidwe, ana amatsala ndi zithunzi za anthu amene sangawatchule maina.

Mlendo amafunsa zimene ife tinasiya kufunsa

Alendo ochokera kutali si achilendo pakati pathu. Mishoni ya Malamulo ku Makwasa, m'boma la Thyolo, inayamba mu 1902, ndipo mwa oyambitsa ake munali Thomas Branch, munthu wakuda wa ku America, amene mwana wake Mabel ankaphunzitsa sukulu pamenepo. Masiku ano ophunzira zachipatala a ku Loma Linda University ndi a m'sukulu zina amabwera kudzaphunzira ntchito pachipatalachi. Mabanja ena amawaitana kudzadya nawo pa Sabata, ena amawapatsa chipinda kwa milungu ingapo.

Chaka chotsatira imfa ya mayi anga, ife tinalandira mtsikana wina wa ku America wophunzira unamwino. Anagona m'chipinda chimene mayi ankagona akabwera kudzationa. Mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa: pasanathe mlungu anali atafunsa kumene agogo anabadwira, dzina la bambo wovala chipewa pachithunzi cha pabalaza, ndi chifukwa chimene kalongonda amakhalira pamoto tsiku lonse. La kalongonda tinaliyankha: nyemba zimenezi zimaledzeretsa ndi kudwalitsa ngati siziwiritsidwa nthawi yaitali, madzi ake akusinthidwa. Mafunso enawo anatitengera kwa mayi aakulu, mkulu wawo wa malemu.

Tinakhala nawo pakhonde masana onse. Anatiuza kuti makolo awo anawoloka kuchokera ku Mozambique kudzafuna ntchito m'minda ya azungu, nakhala pamalopo mwa thangata, kutanthauza kulipira malo ndi ntchito ya manja awo. Anasimba za njala ya 1949, imene anaiona ali mwana. Bambo wa chipewa uja anali malume awo a mayi, amene anapita ku migodi ya ku South Africa pa Wenela, nabwerera boma litaletsa ulendowu mu 1974, ndege yonyamula anthu a ku migodi itagwa ku Francistown. Ndipo mtanda wa mlendo, anatero mayi aakulu, unayamba ndi agogo, amene sanaiwale anthu amene anawagawira chakudya m'chaka cha njala chija. Ana anga anamva zonsezi koyamba tsiku lomwelo.

Mbiri ya banja ndi nkhani ya umoyo

Pokhala wophunzira unamwino, mlendo wathu anafunsanso matenda amene anatenga mayi ndi abale awo. Funso lotere ambiri timalizemba, koma ndi lomwe dokotala amafunsa. Kuthamanga kwa magazi, shuga, mphumu ndi khansa ya m'mawere zimakonda kuyenda m'mabanja. Matenda a sickle cell amagwira mwana pamene bambo ndi mayi onse ali ndi mbewu yake m'magazi, ngakhale iwo sakudwala. Pa mimba iliyonse ya banja lotere, mpata woti mwana abadwe nawo ndi umodzi mwa inayi.

Kudziwa kuti mayi ndi mchemwali wawo ankadwala shuga sikutanthauza kuti inunso mudzadwala. Ndi chenjezo loti muziyezetsa msanga, muchepetse mchere ndi zotsekemera, muziyenda, ndipo muuze ana anu. Kuthamanga kwa magazi kumatha kukhala m'thupi zaka zambiri popanda chizindikiro, mpaka munthu atafa ziwalo.

Yambani ndi wamkulu amene alipo

Kulemba mbiri ya banja sikufuna ndalama zambiri. Gulani kope lachikuto cholimba, muyambe ndi wachibale wamkulu kwambiri. Mupempheni kuti mujambule mawu ake pa foni. Okalamba ambiri sakumbukira chaka, koma amakumbukira zochitika: funsani ngati chinthu chinachitika njala isanagwe, kapena dziko litalandira kale ufulu mu 1964. Lembani maina kuseri kwa zithunzi ndi pensulo. Sungani makalata, ziphaso za ubatizo ndi za ukwati, mabuku akuchipatala, ndi Baibulo la mayi ngati munalembedwa masiku obadwa. Mlembi wa mpingo angakuthandizeni ndi mabuku akale, ndipo ofuna kufufuza mozama angapite ku National Archives ku Zomba. Mukamaliza, tumizani zimene mwalemba kwa abale a ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, kuti kope limodzi likatayika mbiri isapite nalo. Nkhani zopweteka, monga mikangano ya minda, muzilembe mosamala, mutamva mbali zonse.

Polandira wophunzira wakunja

Gwirizanani ndi sukulu kapena chipatala chimene chamutumiza za masiku, ndalama za chakudya, ndi munthu woti muimbire akadwala. Mupatseni neti, muonetsetse kuti akumwa mankhwala oteteza ku malungo, pakuti thupi lake silinawazolowere. Akatentha thupi, apite kukayezetsa tsiku lomwelo. Madzi akumwa akhale owiritsa kapena othira mankhwala. Mufunseni zakudya zimene zimamudwalitsa, makamaka mtedza, popeza nsinjiro timathira m'ndiwo zambiri. Mufotokozereni pachiyambi malamulo a pakhomo: nthawi yofika madzulo, kavalidwe, kupereka moni kwa akulu, kupempha asanajambule munthu, ndi mmene mumasungira Sabata kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa. Musamusandutse banki, komanso musamusandutse mfumu. Atsuke nawo mbale, asenze nawo madzi. Mlendo ndi mame, sachedwa kupita, ndipo chimene adzakumbukire ndi mmene munakhalira naye.

Kukumbukira kopanda mantha

Pa 15 Okutobala, pamene dziko likukondwerera Tsiku la Amayi, mabanja amene anaika mayi m'manda amamva kusowa kwawo mwatsopano. Kulira si kuchepa chikhulupiriro. Malemba, monga 1 Atesalonika 4, amatiphunzitsa kuti akufa ali m'tulo kudikira kuuka pakubwera kwa Yesu. Choncho sitikumbukira mayi pofuna kusangalatsa mzimu wawo, kapena poopa kuti angatikwiyire. Timawakumbukira chifukwa cha amoyo. Paulo, polembera Timoteo, anatchula maina a agogo ake Loisi ndi mayi ake Yunike, chifukwa chikhulupiriro cha mnyamatayo chinali ndi kochokera.

Chiliza chili ndi malo ake, koma chimangonena dzina ndi zaka. Mdzukulu amadziwa agogo ake akamva nkhani zawo ndi kuona khalidwe lawo likupitirira pakhomo. Ngati kwanu kuli nkhalamba imene ikadali ndi mphamvu zolankhula, musadikire maliro kuti mukakumane nayo. Pitani mwezi uno, mutenge kope ndi ana.